Bwanji mbewa zimachuluka chaka china, china n'kusowa?

Mwezi wa July ukafika, chimanga chili m'nkhokwe ndipo mapesi angoti mbwee m'minda, anyamata a m'midzi ya ku Neno amayamba ntchito yomwe salembedwa ndi munthu. Khasu paphewa, kathumba m'manja, amayendayenda m'mizere kufunafuna una wa mbewa. Chaka china amabwerera kumudzi dzuwa lisanafike paliwombo, thumba litadzaza, zina n'kukagulitsa pampani kumsika. Chaka china amakumba mpaka manja kuchita matuza koma n'kubwerako ndi mbewa zitatu zokha, zosakwanira ndiwo ya banja.

Kwa mnyamata, chaka cha mbewa zambiri ndi chaka cha mwayi. Kwa make ndi bambo ake si choncho. Mbewa yomwe yapulumuka khasu mu July ndi yomwe imadzafukula mbewu m'phando mvula yoyamba ikagwa, ndipo banja lomwe lidagula mbewu ya chimanga ndi ndalama ya ganyu limapezeka likufunafuna ya kubzala kachiwiri, anzawo akupalira. M'boma ngati la Neno, lomwe lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003 ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 138,000, ambiri mwa iwo odalira khasu, kuchedwa kubzala ndi masabata awiri kutha kusiyanitsa banja lodya mpaka March ndi lomwe ufa umatha mu December.

Nanga chimachititsa n'chiyani kuti mbewa zichuluke chaka china, china n'kusowa? Ena amati ndi mvula. Ena amati ndi kutha kwa njoka ndi akadzidzi. Ena amangoti ndi chaka chake. Akatswiri a zanyama akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka 100, ndipo mbali yaikulu ya zomwe akudziwa lero adaiphunzira kutali kwambiri ndi kuno, kwa kalulu wa m'nkhalango zozizira za ku Canada.

Kapuku, mwini munda

Tisanapite kutaliko, ndi bwino kudziwa kaye mbewa yomwe tikunena, chifukwa mbewa zili mitundumitundu. Wosaka aliyense amasiyanitsa kapuku, phanya, mende ndi kapeta, ndipo amadziwa yonona ndi yomwe imangodzaza mpani. Brian Morris, katswiri wa chikhalidwe cha anthu yemwe adakhala m'Malawi zaka zambiri, adalemba za mayina amenewa ndi ulenje wake m'buku lake la 1998 lotchedwa The Power of Animals.

Yovuta kwambiri m'munda ndi kapuku, yomwe asayansi amaitcha Mastomys natalensis. Si khoswe wa m'nyumba ayi. Khoswe ndi mlendo yemwe makolo ake adachokera ku Asia ndipo amakonda kudenga ndi m'nkhokwe. Kapuku ndi mbadwa ya mu Africa muno ndipo imapezeka pafupifupi paliponse pomwe munthu walima kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Mphamvu yake ili pa kuswana. Yaikazi imakhala ndi mawere ambiri kuposa mbewa zina, nthawi zina mpaka 24. Bere lake limatenga masiku pafupifupi 23 basi. Ikaswa, ana amakhala 10 kapena 12, ndipo nthawi zina amapitirira 20. Ikangoswa imatha kutenganso bere posakhalitsa. Tiyerekeze kuti yaikazi imodzi yaswa ana 10 katatu m'nyengo imodzi: amenewo ndi ana 30, theka lawo aakazi. Ngati aakazi 15 aja ataswanso kamodzi kokha nyengo yomweyo isanathe, kuchokera mwa mayi mmodzi mwatuluka mbewa 180. Mawu oti “ngati” amenewa awasunge owerenga, chifukwa nkhani yonse ya mliri wa mbewa yagona pamenepo.

Mabuku a ogula zikopa

Kumpoto kwa Canada ndi ku Alaska kuli nkhalango yaikulu ya mitengo yofanana ndi paini ndi mkungudza, komwe nthaka imakutidwa ndi chipale chofewa miyezi yoposa 6 pachaka. M'nkhalangomo mumakhala kalulu yemwe azungu amamutcha snowshoe hare. Ali ndi mapazi akumbuyo aakulu, otambalala, omwe amamuthandiza kuthamanga pamwamba pa chipale osatitimira. Nyengo yotentha amakhala wofiirira ngati kalulu wathu, koma chisanu chikayamba ubweya wake umasanduka woyera kuti mbee. Mdani wake wamkulu ndi mphaka wam'tchire wotchedwa lynx, wofanana msinkhu ndi njuzi, yemwe chakudya chake chenicheni ndi kalulu ameneyu.

Kampani ina ya ku Britain, Hudson's Bay Company, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1670, inkagula zikopa kwa alenje a m'derali ndipo akalaliki ake ankalemba chiwerengero cha zikopa chaka ndi chaka. Iwo ankangowerengera malonda. Koma Charles Elton, katswiri wa zanyama wa ku yunivesite ya Oxford, atayamba kufufuza za kukwera ndi kutsika kwa chiwerengero cha nyama m'zaka za m'ma 1920, adaona kuti mabukuwo ndi chuma. M'chaka cha 1942, iye ndi Mary Nicholson adasindikiza zomwe adapeza m'mabuku a zaka zoposa 100.

Zomwe adaona zinali zodabwitsa. Zikopa za lynx zinkachuluka, n'kutsika, n'kuchulukanso, pafupifupi zaka 10 zilizonse, ngati kuti pali wina akuyang'ana wotchi. Akalulu nawo ankachita chimodzimodzi, kungoti iwo ankatsogola. Akalulu akachuluka, amphaka aja ankadya bwino n'kuswana. Pakatha chaka kapena ziwiri, akalulu ankayamba kutha, amphaka n'kutsala ambiri pa chakudya chochepa. Ena ankafa ndi njala, ena ankayenda mitunda italiitali, ambiri n'kugwa m'misampha ya alenje. Adani akachepa, akalulu otsala ankayambanso kuchuluka.

Mlenje wa ku Canada yemwe ankapita ndi zikopa kusitolo sankadziwa kuti akuwerengera asayansi nyama za m'nkhalango. N'chimodzimodzi mnyamata wa ku Ligowe kapena ku Magaleta: thumba lake la mbewa ndi kalembera weniweni wa zomwe zili m'munda, kungoti palibe kalaliki yemwe amakhala pamsika kulemba kuti chaka chino mipani yabwera ingati.

Ndani amayendetsa mnzake?

Mabuku a zikopa adaonetsa kuti zinthu zimazungulira, koma sadanene chifukwa chake. Akatswiri adagawikana. Ena ankati akalulu akachuluka amamaliza timitengo ndi makungwa omwe amadya m'chisanu, n'kufa ndi njala, ndipo amphaka amangotsatira. Ena ankati ayi, adani ndiwo amawamaliza. Ena mpaka ankaloza madontho a padzuwa, omwe nawo amasinthasintha pafupifupi zaka 11 zilizonse.

Mkanganowu udayesedwa m'tchire lenilenilo pakati pa 1986 ndi 1996, pafupi ndi nyanja ya Kluane m'chigawo cha Yukon, ndi gulu lotsogozedwa ndi Charles Krebs. Adagawa nkhalango m'zigawo za sikweya kilomita imodzi, yomwe ndi mahekitala 100. Chigawo china ankathiramo chakudya cha akalulu chaka chonse. China adachitchinga ndi mpanda wa magetsi kuti zilombo za miyendo inayi zisalowe. China adachita zonse ziwiri. Zina adazisiya momwe zidalili kuti azifanizira.

Zotsatira zake, zomwe zidatuluka m'chaka cha 1995, zidakhutiritsa mbali zonse ziwiri pang'onopang'ono. Komwe adatchinga zilombo, akalulu adachuluka kawiri. Komwe adathira chakudya, adachuluka katatu. Koma komwe adachita zonse ziwiri, adachuluka ka 11. Chakudya ndi adani sizigwira ntchito payokhapayokha. Kalulu wanjala amatuluka poyera kukafuna chakudya ndipo ndi pomwe amagwidwa.

Adapezanso kuti chakudya chokha sichidaletse kugwa kwa chiwerengero nthawi yake itakwana, ndiponso kuti akalulu omwe adawamangirira timawailesi m'khosi, ambiri zedi sadafe ndi njala kapena matenda. Adadyedwa. Ndipo odyawo sanali lynx yekha. Panali nkhandwe za kumeneko zotchedwa coyote, akadzidzi akuluakulu, mphamba, ngakhalenso agologolo omwe amadya tiana ta kalulu tongobadwa kumene. M'nkhalango yozizira ija mitundu ya nyama ndi yochepa, choncho aliyense wodya nyama maso ake ali pa kalulu.

Chomwe chidadabwitsa kwambiri ndi nkhani ya mantha. Rudy Boonstra ndi anzake adayeza magazi a akalulu ndi kupeza kuti m'zaka zomwe adani achuluka, akalulu amakhala ndi nkhawa yosatha yomwe imaoneka m'thupi. Wamkazi yemwe m'zaka zamtendere amabereka ana pafupifupi 18 pachaka, m'zaka zoopsa sakwanitsa ngakhale 10. M'chaka cha 2009 Michael Sheriff adasindikiza zotsatira za kuyesa kwina: akalulu a bere omwe ankaonetsedwa galu kwa kanthawi kochepa, osalumidwa n'komwe, adabereka ana ochepa ndi onyentchera kuposa anzawo. Nkhawa ya mayi imapitirira mwa ana. N'chifukwa chake akatswiriwa akuganiza kuti ngakhale adani atachepa, akalulu amatenga zaka ziwiri mpaka zinayi asanayambe kuchulukanso.

Kuno wotchi yake ndi mvula

Funso n'lakuti, kodi kapuku wa ku Neno nayenso ali ndi wotchi ya zaka 10? Yankho la akatswiri ndi lakuti ayi. Kafukufuku wamkulu wa mbewa imeneyi wachitika kwa anansi athu ku Morogoro m'dziko la Tanzania, komwe Sokoine University of Agriculture, mogwirizana ndi Herwig Leirs wa ku Belgium, yakhala ikutchera, kuika chizindikiro ndi kumasula mbewa mwezi ndi mwezi m'munda umodzi kuyambira 1994. Iwo adapeza kuti mbewa zimakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo kukula kwa chiwerengero chake kumasiyana chaka ndi chaka mosatsata ndondomeko ya zaka. Chomwe chimalamula kwambiri ndi mvula.

M'chaka chabwinobwino zimayenda motere. Mbewa zimayamba kuswana mvula itakhazikika, udzu ndi mbewu zikukula. Ana obadwa nyengo imeneyo amakula pang'ono kenaka n'kuima; chilimwe chikafika sakhwima msanga, amadikira mvula ina. Chiwerengero chimafika pachimake m'chilimwe, pomwe ana onse a chaka chimenecho ali m'munda, kenaka chimagwa chifukwa cha njala, adani ndi matenda. Ndi mbewa zochepa zomwe zimakwanitsa chaka chathunthu zili moyo.

Chomwe chimauza mbewa kuti nthawi yoswana yakwana ndi msipu wongophuka kumene. Ikadya timasamba tanthete, thupi lake limakhwima. Ndiye mvula ikabwera yambiri nthawi yomwe siyembekezeka, kapena ikapitirira nthawi yake yolekera, msipu umakhalapo miyezi yambiri. Ana aja omwe akadadikira chaka chamawa amakhwima ali ndi miyezi iwiri kapena itatu n'kuyamba kuswa nawonso. Apa ndi pomwe “ngati” uja amasanduka zoona: agogo, mayi ndi mdzukulu onse ali ndi bere nyengo imodzi. Ku Tanzania, m'zaka za mliri, adawerengapo mbewa zoposa 1,000 pahekitala imodzi.

Zidachitikapo ku Kenya m'chaka cha 1962, pomwe mbewa zidasakaza minda ya tirigu mvula yamphamvu ya 1961 itapitirira nyengo yake. Ku Tanzania, mliri wa 1989 udawononga pafupifupi theka la chimanga m'madera omwe udakhudza, pomwe m'zaka wamba akatswiri a kumeneko amayerekeza kuti mbewa zimadya pakati pa matumba 5 ndi 15 pa matumba 100 alionse. Ubwino wake ndi wakuti mvula imaoneka. Gulu la ku Morogoro lidasonyeza kuti poyang'ana mvula ya miyezi ya kumapeto kwa chaka, n'zotheka kuchenjeza alimi za mliri miyezi ingapo usanafike.

Malawi ali ndi nyengo imodzi ya mvula, osati ziwiri ngati Morogoro, choncho miyezi yake singafanane ndendende. Koma mfundo ya msipu ndi yomweyo, ndipo Neno ndi boma lomwe lili ngati maiko awiri. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range cha kwa Dambe ndi ku Nsambe, kumazizira, mawawa amagwa ngakhale m'miyezi ya June ndi July, ndipo alimi amalima mbatatesi ndi tirigu chimanga chitachoka m'munda. Kumunsi, cha ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa, kumatentha ndi kuuma msanga, koma m'mbali mwa mitsinje ya Shire, Lisungwi ndi Wamkulumadzi muli madimba obiriwira chilimwe chonse. Munda wa tirigu kumtunda ndi dimba la chimanga kumunsi ndi malo omwe mbewa imapeza chakudya anzake a kumunda wouma akufa ndi njala. Ulimi wa m'chilimwe ndi wofunika ndipo wapulumutsa mabanja ambiri, koma mlimi wake ayenera kudziwa kuti akudyetsanso alendo.

Nyengo nayo yakhala yosadalirika. Chigawo cha kummwera chidaona chilala cha 2015/16, mvula yosakata ya March 2019, namondwe Ana mu January 2022, Freddy mu March 2023, kenaka ng'amba ya El Niño ya 2023/24 yomwe idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kusinthana kwa ng'amba ndi mvula yambiri kotereku ndi komwe kumakomera nyama yoswana msanga. Ng'amba imapha mbewa pamodzi ndi adani ake, koma mvula ikabwerera mbewa imachira m'miyezi yochepa, pomwe njoka, vumbwe kapena msulu zimafuna nthawi yaitali.

Nanga adani ali ndi gawo lanji?

Mbewa ya kuno ili ndi adani ambiri kuposa kalulu wa ku Canada. Usiku kuli kadzidzi, mwiri, vumbwe, njuzi ndi nkhandwe. Masana kuli likongwe, msulu, mphamba ndi kambalame kotuwa kaja komwe kamaima malo amodzi m'mwamba kakukupiza mapiko kenaka n'kugwera pansi ngati mwala. Kuuna kumalowa njoka. Pamwamba pa onsewa pali munthu ndi khasu lake, ngakhale si onse amadya mbewa: Asilamu sadya, ndipo a mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe uli ndi mishoni yakale ku Matandani m'boma lomweli, nawo saiyandikira.

Katswiri pa onsewa ndi kadzidzi wa nkhope yoyera, uja amakonda kugona kudenga la tchalitchi, m'kalasi yakale kapena m'mphako ya mlambe. Amamva mbewa ikuyenda mu udzu mumdima wa ndiweyani. Amameza mbewa yathunthu, kenaka n'kulavula kambulu ka ubweya ndi mafupa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Peter Hanney, yemwe ankayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Blantyre, adatola timibulu timeneti kummwera kwa dziko lino n'kumawerenga zigaza zomwe zinali m'kati, pofuna kudziwa momwe chiwerengero cha mbewa chimasinthira. Kafukufuku wa mtundu womwewu m'maiko angapo a kummwera kwa Africa wapeza kuti m'madera a minda kapuku ndiye nsima ya kadzidzi ameneyu. Banja limodzi la akadzidzi lomwe likulera ana limatha mbewa masauzande pachaka, ndipo mbewa zikachuluka limaikira mazira ambiri, mwinanso kawiri m'chaka chimodzi.

Koma pano m'pofunika kunena zoona, chifukwa okonda zachilengedwe ena amalankhula ngati kadzidzi yekha angathetse vuto. Ku Morogoro adayesa zofanana ndi za ku Kluane zija, m'minda ya chimanga ya theka la hekitala. Minda ina adaiphimba ndi maukonde kuti mbalame zodya mbewa zisalowe, ina adaikamo mabokosi ogona akadzidzi ndi mitengo yoterapo mbalame, ina adaisiya. Lipoti la Solveig Vibe-Petersen ndi anzake la 2006 lidati komwe adani adatsekeredwa kunja, mbewa zidachuluka mofulumira ndipo zidafika chiwerengero chokwera kuposa kwina. Koma komwe adani adaitanidwa, mbewa sizidachepe kuposa m'minda wamba. Munda ukapunguka mbewa, za kwa mnansi zimasamukiramo.

Tanthauzo lake ndi ili: ku Canada adani ndiwo agwira chiwongolero, pomwe kuno chiwongolero chili ndi mvula ndipo adani ali ngati mabuleki. Mabuleki saimitsa lole yomwe yathawa pamtsetse wa ku Neno, koma woyendetsa yemwe wawachotsa dala asadabwe ndi zotsatira zake.

Ndipo kuwachotsa kukuchitika. Matumba a makala omwe amandanda m'mbali mwa msewu pa Zalewa adali mitengo, ndipo mitengo ikuluikulu ya mphako ndiyo nyumba za akadzidzi ndi mwiri. Moto womwe osaka mbewa amayatsa mu August kuti mauna aoneke umapha njoka ndi tinyama tina, pomwe mbewa zambiri zili pansi panthaka osapsa; umamalizanso mapesi ndi udzu womwe alangizi amati uzikwiriridwa kuti ubwezeretse chonde. Njoka iliyonse yooneka pafupi ndi nyumba imaphedwa, kuphatikizapo kanjoka kofiirira ka m'nyumba komwe kalibe ululu ndipo ntchito yake ndi kudya mbewa ndi makoswe.

Za kadzidzi ndiye n'zodziwika. Akalira padenga usiku, ambiri amati kukubwera maliro kapena watumidwa ndi mfiti, ndipo kukacha ana amamusaka ndi malegeni. Chikhulupiriro chimenechi n'chozama ndipo sichitha ndi nkhani imodzi ya m'nyuzipepala. Koma n'koyenera kufunsa chomwe chamubweretsa padengapo. Kadzidzi amapita komwe kuli chakudya. Nyumba yomwe waikonda nthawi zambiri ili pafupi ndi nkhokwe, khola kapena dzala komwe makoswe amasewera.

Maiko ena adasankha kumulemba ntchito. Ku Israel alimi a ku Sde Eliyahu adayamba kuika mabokosi a akadzidzi m'minda m'chaka cha 1983, ndipo njirayi idafalikira m'dziko lonselo mpaka ku Jordan, alimi ambiri n'kuchepetsa mankhwala. Ku Malaysia amachita zomwezo m'minda ya kanjedza wa mafuta. Ngakhale ku Johannesburg, komwe abale athu ambiri ali pa ntchito, mabokosi otere adaikidwapo m'sukulu za ku Alexandra polimbana ndi makoswe, ngakhale kumenekonso anthu ena adawakana pa zifukwa zofanana ndi za kuno.

Mankhwala ndi msampha

Mbewa zikavuta, ambiri amathamangira mankhwala a m'timapepala topanda dzina omwe amagulitsidwa pamsika, monga aja amatchedwa tameki. Awa ndi oopsa mbali zitatu. Amapha ana ndi nkhuku zikatola nyambo. Amapha kadzidzi, mphaka kapena galu yemwe wadya mbewa yofa kapena yofooka ndi mankhwalawo. Ndipo m'dera lomwe mbewa ndi ndiwo, mbewa ya poizoni itha kuthera pampani. Chotsatira chake n'chakuti mbewa zimabwerera m'miyezi iwiri kapena itatu, koma adani ake atapita. Mankhwala ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board alipo, ndipo mlangizi wa ku EPA ya Neno kapena ya Lisungwi ndiye woyenera kunena mtundu wake, nthawi yake ndi kaikidwe kake.

Palinso nkhani ya matenda. Utitiri wa pa mbewa ndi makoswe umafalitsa mliri wa chaola, womwe udabuka ku Nsanje m'chaka cha 1997 ndi 2002. Mbewa kapena makoswe akayamba kufa okha ambirimbiri popanda wothira mankhwala, si zotola ayi, ndi zokanena kwa azaumoyo, chifukwa utitiri ukasowa mwini wake umalumphira kwa munthu.

Zomwe akatswiri a ku Sokoine amalimbikitsa si zachilendo kwa mlimi wa ku Neno, kusiyana kwake kuli pa nthawi ndi pa umodzi. Kupha mbewa mu July, pomwe zili pachimake, kumapatsa ndiwo koma sikusintha zambiri, chifukwa zochuluka mwa izo zikadafa zokha chilimwe chisanathe. Mbewa yofunika kuipha ndi ya mu October ndi November, yomwe yapirira chilimwe chonse: imeneyo ndiyo idzafukule mbewu, ndiponso ndiyo kholo la mbewa za chaka chamawa. Yaikazi imodzi yogwidwa nthawi imeneyo ndi mbewa makumimakumi zomwe sizidzabadwa. Ndipo popeza munda wopunguka umadzazidwa ndi za kwa mnansi, kutchera kumapindula mudzi wonse ukachita sabata imodzi, monga momwe amfumu amaitanira anthu kukakonza mlatho. Misampha ya diwa, ndowa yokwiriridwa yokhala ndi madzi ndi gaga pamwamba, ndi misampha ya waya ya pamsika zonse zimagwira. Kubzala nthawi imodzi ndi anansi kumathandizanso, chifukwa wobzala yekha, moyambirira kapena mochedwa, amadyetsa mbewa za dera lonse.

Kumunda, kulambula m'malire ndi kuchotsa milu ya zinyalala pafupi ndi mbewu kumasiya mbewa poyera, ndipo mbewa imaopa kudutsa poyera. Mtengo wautali wokhala ndi kamtanda pamwamba, wozikidwa pakati pa munda wopanda mitengo, umapatsa mphamba ndi kadzidzi poterapo. Kunyumba, nkhokwe ya miyendo yaitali yovekedwa malata osongoka ngati chipewa imalepheretsa khoswe kukwera, ndipo matumba a chimanga amafunika kukhala pathandala, osagunda khoma.

Nkhani ya mantha ija, yomwe idapezeka mwa akalulu a ku Yukon, idayesedwanso m'midzi ya mu Africa. M'chaka cha 2017, Themb'alilahlwa Mahlaba wa ku yunivesite ya ku Swaziland, dziko lomwe tsopano ndi Eswatini, ndi anzake adasindikiza zomwe adapeza m'makomo 40: ena a mphaka yekha, ena a galu yekha, ena a zonse ziwiri, ena opanda chiweto chilichonse mwa ziwirizi. Ankaika chakudya usiku n'kuona kuchuluka kwa chomwe makoswe ndi mbewa zadya, komanso mapazi omwe zasiya. Pakhomo la mphaka yekha kapena galu yekha kusiyana kudali kochepa. Pakhomo lomwe panali mphaka ndi galu pamodzi, makoswe ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera ankadya mothamanga n'kusiya chakudya chambiri m'mbale.